Mnzako akapsa ndevu: za moto, belu la pasukulu ndi ozimitsa moto

Kuno kwathu ku Msundwe chilimwe chafika pachimake. Udzu wauma, mphepo ikuwomba ndi fumbi, ndipo madzulo ukayang'ana chakummwera kumene kuli mapiri a Dzalanyama umaona utsi uli tolo. Masiku apitawa mdzukulu wanga wina amene amakhala ku Lilongwe anandifunsa pa lamya kuti, “Agogo, moto utabuka kumudziko, mumaimbira ndani?” Ndinaseka, ndi kumuyankha kuti ife timaimbira mmero. Koma nditaika lamyayo pansi funsolo linandikhala pamtima, ndipo usiku umenewo tulo tinandivuta.

Pali mwambi umene ndinauphunzitsa zaka zambiri m'kalasi: mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Ana ankaulemba m'makope, ine ndi kuwachongera akalemba kuti tanthauzo lake ndi kuthandizana pamavuto. Yankho limenelo ndi loona, koma ndakalamba ndisanaone mbali ina ya mwambiwu. Ndevu zili pankhope. Zikayaka, amene angazizime ndi yekhayo amene wakhala pafupi nawe, pakuti wochokera kutsidya apeza chibwano chitapserera. Komanso mwamuna salola munthu wamba kumugwira ndevu. Wozimayo ayenera kukhala munthu amene umamudziwa, amene dzanja lake likamabwera kunkhope kwako suganiza kuti akufuna kukuwomba khofi. Makolo anaika zinthu ziwiri m'mawu ochepawa, kuyandikana ndi kukhulupirirana, ndipo zonsezi zimayenera kukhalapo ndevu zisanayake.

Ife Achewa moto sitiuona ngati chinthu chachilendo. Nthano ya chiyambi chathu imati anthu oyamba anatsika ndi mvula pamodzi ndi Chauta ndi nyama zonse pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa a Dzalanyama, ndipo ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi ndiwo anathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Agogo anga ankaimaliza nthanoyi ndi kutiloza ife ana ndi chala. Sankanena kuti moto ndi woipa, pakuti ndi womwewo unkatiphikira nsima. Ankanena kuti amene anauyatsa sanafunse anzake. Ngakhale dzina la dziko lathu ambiri amalimasulira kuti malawi a moto.

Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1950, mudzi unali ndi malamulo a moto ngakhale panalibe amene anawalemba. Tchire silinkatenthedwa mwachisawawa: amfumu ndi akuluakulu ndiwo ankanena nthawi, anthu atamweta kale udzu wofolera nyumba. Nkhokwe ankazimanga motalikirana ndi khitchini. Kuzungulira manda ankalambula chaka ndi chaka kuti lupsa lisalowe m'nkhalango ya makolo, ndipo mpaka lero mukamayenda m'chigawo chino mudzaona kuti mitengo yachilengedwe yatsala kumanda. Machesi anali osowa, choncho m'mawa mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi, ndipo mayi wa nyumba imeneyo ankamuperekeza ndi maso mpaka alowe kwawo. Mfuu ikamveka panalibe wofunsa kuti nyumba ikupsayo ndi ya yani. Amuna ankathyola nthambi zaziwisi, amayi ankanyamula mitsuko, anyamata ankakwera pamadenga oyandikana nayo kukasasula udzu kuti moto usowe podumphira.

Ndipatuke pang'ono. Inu amene munabadwira m'tauni mwina simudziwa kuti mawu oti adzukulu ali ndi tanthauzo lachiwiri kwathu kuno. Adzukulu ndi anthunso amene amakumba manda ndi kusamala maliro, ndipo kawirikawiri sakhala a banja lofedwalo. Palibe amene amawalemba ntchito, koma imfa ikagwa aliyense amadziwa mbali yake. Mudzi umene umatha kukonza maliro usiku umodzi sungalephere kukonzekera moto. Chimene chimavuta ndi chakuti maliro timawayembekezera, pamene moto aliyense amati udzagwera ena.

Tsopano ndikuuzeni za kulakwa kwanga, pakuti mphunzitsi amene amangosimba zolakwa za ana sakhulupirika.

Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi. Panthawiyo ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kumudzi m'dera lomwe lino. Zipinda zinachepa, ndiye makolo anatimangira zisakasa za udzu kuti ana a Sitandade 1 ndi 2 asamaphunzirire padzuwa. Ine ndinali munthu wonyadira maphunziro anga a kukoleji ya aphunzitsi, wokonda dongosolo, ndipo ndinkaona bwalo la sukulu ngati dziko langalanga. Panali kanjira kodutsa pakati pa sukulu kamene amayi a m'mudzi ankadzera popita kuchitsime cha kudambo. Ndinati akusokoneza maphunziro ndi macheza awo, ndipo ndinakatseka ndi mpanda wa minga. Mbuzi zikadya mbande za mitengo imene tinabzala, ndinkazitsekera m'chipinda ndi kulipiritsa eni ake, osadzera n'komwe kwa amfumu. Malamulo anali kumbali yanga, kapena ndinkaganiza choncho. Anthu anasiya kundiyankha moni ndi mtima wonse, koma ine ndinati ndi ulemu umene akupereka kwa munthu wophunzira.

Tsiku lina Loweruka masana, m'mwezi ngati uno, anyamata osaka mbewa anayatsa tchire kuseri kwa bwalo la mpira. Mphepo inatembenuka. Ndinali m'nyumba ndikulemba malipoti pamene mayi a kunyumba anakuwa, ndipo nditatuluka ndinaona malawi akuthamanga m'udzu molunjika kuzisakasa, kuseri kwake kuli nyumba za aphunzitsi ndi nkhokwe zawo. Udzu umenewo ndinali nditaletsa anthu kumweta, poti unali wa sukulu.

Belu lathu linali limu ya galimoto yopachika pamtengo. Ndinaliimba mpaka dzanja linachita dzanzi. Kwa kanthawi, kamene kwa ine kanali ngati chaka, sikunabwere munthu. Aphunzitsi atatu ndi ana athu ndife tinkalimbana ndi moto ndi nthambi, ndipo chisakasa choyamba chinatha tikuona. Amene sanaonepo udzu wouma ukuyaka sangamvetse liwiro lake: ukatembenuka kuti utole ndowa, denga lagwa kale.

Kenaka anabwera. Oyamba anali amayi, ndowa zili pamutu, ndipo anadzera kanjira komwe kaja, atakankhira minga yanga pambali ndi mipini ya makasu. Pambuyo pawo panali amuna. Mkulu wina, amene mbuzi yake ndinaitsekerapo masiku awiri, sanataye nthawi ndi malawi. Anaitana anyamata kuti apale msanga ndi makasu kamzere kutsogolo kwa nyumba za aphunzitsi, ndipo iye anayatsa moto wina m'mphepete mwa kamzereko kuti upite kukakumana ndi unzake. Ine ndinakuwa kuti, “Bambo, mukuwonjezeranso moto?” Anandiyankha osandiyang'ana kuti, “Ahedi, moto umapita kwatsala tchire. Tiyeni tiumane tchirelo.” Moto uwiriwo utakumana unazilala. Tinataya zisakasa ziwiri, mabenchi, kaundula wa kalasi imodzi, ndi nkhokwe ya mphunzitsi wina wachinyamata amene anali atangokwatira kumene. Chimanga chake cha chaka chonse chinasanduka makala, ndipo nkhope ya mkazi wake ataima pambali pa phulusalo sindinaiiwale.

M'mawa mwake ndinapita kwa amfumu kukathokoza, koma m'kuthokozamo ndinaponyamo kafunso kakuti chifukwa chiyani anthu anachedwa. Amfumu anakhala chete, kenaka anati, “Ahedi, belu lanu lija timalimva tsiku ndi tsiku, koma silinayambe laitanapo ife. Dzulo tinkati mukuitana ana anu. Tinabwera chifukwa cha utsi.” Ndinasowa pogwira. Zaka zonse zija ndinkaimba chitsulo pakati pa mudzi wa eni ake, koma sindinakhalepo nawo pansi kuti tigwirizane tanthauzo lake. Sabata yomweyo tinachita msonkhano. Kanjira kanatsegulidwa. Tinapangana kuti belu likalira mosalekeza, usana kapena usiku, ndiye kuti kwagwa ngozi, kaya kusukulu kaya kumudzi, ndipo aliyense ali ndi ufulu woliimba. Udzu wa sukulu unayamba kumwetedwa ndi anthu a m'mudzi mu Juni, iwo ndi kutilambulira kuzungulira zipinda. Milandu ya mbuzi inabwerera kubwalo la amfumu kumene inayenera kukhala. Mabanja anasonkha chimanga m'malichero kupatsa mphunzitsi uja, ndipo oyamba kusonkha anali amayi omwe ndinkawathamangitsa.

Nanga ozimitsa moto a boma akulowapo bwanji pa nkhaniyi? M'dziko muno magalimoto ozimitsa moto amapezeka makamaka m'makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ndiponso pa mabwalo a ndege monga la Kamuzu ku Lumbadzi. Msundwe ali pa msewu wa Mchinji, mtunda woposa makilomita 30 kuchokera mumzinda, ndipo ife tili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe, osati ya mzinda. Anzathu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ali kutali koposa ife, ena mwa iwo kumisewu yafumbi. Ngakhale galimoto itanyamuka nthawi yomweyo lamya ikangolira, nyumba ya udzu kapena chigafa cha fodya sizingaidikire. Izi si mlandu wa munthu. Ndi masamu chabe a mtunda ndi mphindi.

Koma ngakhale mumzinda momwemo, kumene galimoto ili pafupi, ndinaonapo chinthu chomvetsa chisoni. Chaka china ndili paulendo, msika wina unayaka. Ozimitsa moto anafika moto utakula, anapopera madzi kwa kanthawi, madziwo ndi kutha. Khamu linayamba kukuwa kuti abwera opanda madzi, ndipo miyala inayamba kuuluka. Anyamata ovala zipewa zachitsulo aja anathawa ndi galimoto yawo, moto ndi kupitiriza ntchito yake. Inenso tsiku limenelo ndinawanyoza mumtima. Ndinadzaphunzira pambuyo pake kuti thanki ya galimoto yotere imanyamula malita zikwi zochepa chabe, amene amatha m'mphindi zowerengeka, ndipo kuti ipitirize imadalira mipope yapadera ya m'mbali mwa msewu kapena dziwe lapafupi. Mpope wotero ukakhala wouma, kapena wina atamangapo golosale pamwamba pake, kapena tinjira ta mumsika titadzaza ndi mabenchi, ozimitsa moto amasanduka oonerera ngati ife tomwe. Anthu a pamsika paja sankadziwa zimenezi chifukwa panalibe anawauzapo. Ozimitsa motowo sankadziwa kumene kuli madzi apafupi chifukwa sanayendepo mumsikamo kopanda moto. Anakumana koyamba pa tsiku loipitsitsa, aliyense mtima uli m'mwamba. Linali belu langa lomwe lija.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene ambiri kuno safuna kuchikumbuka. Pa 8 Okutobala 2019, m'nyengo ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho cha chaka chimenecho, wapolisi anaphedwa ndi khamu la anthu pa Msundwe pano. Zimene zinatsatira zinali zowawa: amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anachitidwa nkhanza ndi kugwiriridwa, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Sindikufuna kutsegula mabala. Ndikungonena kuti kuchokera nthawi imeneyo dzina la kwathu limatchulidwa ndi mantha kapena ndi nthabwala, ndipo pali ana amene anakula akudziwa kuti galimoto ya boma yolira sayirini ndi chinthu chothawa. Mbali inayo, munthu wovala yunifolomu akamva kuti aitanidwa ku Msundwe, ndikhulupirira amayamba waganiza kawiri. Ozimitsa moto si apolisi, ndipo sanalakwire munthu kuno. Koma usiku, pakati pa utsi ndi mfuu, ndani adzasiyanitse, ngati sitinawaonepo nkhope zawo masana?

Maiko ena anazindikira zimenezi kalekale. Ku Germany ozimitsa moto ambiri si olembedwa ntchito ayi. Ndi alimi, amisiri ndi aphunzitsi a m'midzi momwemo, pafupifupi miliyoni imodzi, amene amaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zida, ndipo belu likalira amasiya ntchito zawo. Ku Britain ozimitsa moto amayenda khomo ndi khomo kopanda moto, makamaka kwa okalamba, kuona mawaya ndi malo ophikira ndi kuika tizipangizo tolira tikamva utsi. Kufupi kuno ku South Africa, lamulo la 1998 lokhudza moto wa m'tchire limalamula eni malo kulambula m'malire mwawo ndi kuwalola kupanga mabungwe othandizana, ndipo kuyambira 2003 ndondomeko yotchedwa Working on Fire yakhala ikuphunzitsa achinyamata a m'madera osauka ntchito yozimitsa ndi kupewa moto. Ndikawerenga zimenezi sindiona nzeru yachilendo. Ndimaona amfumu athu akale akuuza anthu tsiku lolambula kumanda. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumeneko boma linatenga mwambo wotere ndi kuupatsa maphunziro ndi zida.

Nafenso poyambira tili napo. Lamulo la za nkhalango la 1997 linatsegula njira yoti midzi ikhale ndi nkhalango zawozawo ndi makomiti oziyang'anira, ndipo alangizi a za nkhalango akhala akuphunzitsa kulambula ndi kutentha udzu msanga usanaumitsitse, kuti moto wa mu Okutobala usapeze chakudya. Tili ndi magulu a chitetezo cha m'mudzi amene amayenda usiku. Tili ndi makomiti a misika, a sukulu ndi a mipingo. Amene akusowa pabwalo limeneli ndi katswiri wa moto.

Ndipo tikumufuna, chifukwa moto wa lero si wa agogo anga. Iwo ankadziwa moto wa udzu ndi wa nkhuni, umene umamvera madzi ndi nthambi. Lero anyamata a kabaza amasunga petulo m'zigubu kunsi kwa bedi, makamaka mafuta akasowa monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 ndiponso m'zaka zaposachedwapa. Moto wa petulo ukauthira madzi umayandama pamwamba pa madziwo ndi kufalikira. Umafuna mchenga kapena dothi. Mafuta a chiwaya cha tchipisi akayaka, mankhwala ake ndi kuvundikira, osati kuthira madzi. Moto wa mawaya a magetsi ukauthira madzi magetsi asanazimitsidwe, wozimayo ndiye amayamba kufa. Pa malo a malonda ngati athu pano masitolo ndi ogundizana, ndipo mazenera ndi zitseko tinaziika zitsulo poopa akuba, osaganiza kuti zitsulo zomwezo zidzatitsekera m'kati. Mkulu uja amene anapulumutsa nyumba za aphunzitsi akanakhalapo lero, zimenezi zikanamusokoneza. Nzeru zake ndi nzeru za wozimitsa moto wophunzira zimafunika kukumana, monga unakumanirana moto uwiri uja.

Tisaganizenso kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha. Mu Disembala 2015 nyumba ya mabuku ya pa yunivesite ya Mzuzu inapsa ndi mabuku zikwizikwi, ndipo ine monga mphunzitsi ndinamva ngati kwagwa maliro. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ina yosanja ya pakati pa mzinda wa Johannesburg inayaka usiku ndi kupha anthu oposa 70, ena mwa iwo ana athu a ku Malawi amene anapita kukafuna ganyu. Ambiri mwa okhala m'nyumba zotere alibe mapepala, ndipo munthu wopanda mapepala amaopa aliyense wa boma, ngakhale amene akanamuchenjeza kuti khomo lothawira ndi lotseka. Adzukulu anga amene muli kumeneko, usiku uno musanagone yang'anani kuti utsi utadzaza mukhonde mungatulukire pati, ndipo mudziwe dzina la amene akugona chipinda choyandikana ndi chanu.

Pempho langa kwa ozimitsa moto ndi laling'ono. Sindikupempha galimoto yoti izikhala pa Msundwe, ngakhale ndingakondwe kuiona ndisanafe. Ndikupempha kuti abwere kopanda moto. Abwere anthu atakolola, tsiku la msika, ayambe alonjera amfumu monga achitira mlendo aliyense wodziwa mwambo. Ana akwere pagalimotoyo, aigwire, amve kulira kwake masana dzuwa likuswa mtengo. Atiuze mosabisa zimene angathe ndi zimene sangathe, kuti tsiku la tsoka tisadzawayembekezere kuchita zozizwitsa. Ayende nafe tiwaonetse zitsime, mijigo ndi madambo amene saphwa, ndi njira zimene galimoto yolemera ingadutse. Aphunzitse anyamata ndi atsikana khumi kapena makumi awiri, amenewo akhale adzukulu a moto, odziwika ndi mudzi wonse. Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndi yolemera kuposa yawo: amfumu ndi akuluakulu a pamsika anene poyera, ana akumva, kuti munthu wobwera kudzazima moto sagendedwa, ngakhale atachedwa, ngakhale madzi atamuthera.

Pali anzanga ena opuma pantchito amene ndimakhala nawo pabawo, ndipo mmodzi wa iwo anandiseka nditanena zimenezi. Anati anthu amene mafuta a galimoto amawavuta sangawawononge kubwera kudzacheza ndi nkhalamba. Mwina akunena zoona. Ndinamuyankha kuti inenso ndinkati ndilibe nthawi yokhala pansi ndi amayi a kuchitsime, ndipo mtengo wa kusowa nthawi kumeneko analipira ndi mphunzitsi wosalakwa, ndi chimanga chake cha chaka chathunthu.

Kalata yowaitana ndailemba kale, pamanja, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Amfumu a m'mudzi mwathu aimva ndipo alonjeza kukambirana ndi anzawo kuti idindidwe ndi a gulupu, isaoneke ngati maganizo a nkhalamba imodzi. Iwe mdzukulu wanga amene unandifunsa funso lija, ukabwera pa Khirisimasi udzaitenga, ndipo ukaipereke pamanja, osati kuisiya pawindo. Ukafunse dzina la amene wailandira, umuuzenso kuti akadzabwera thobwa lidzakhalapo.